Mafuta a m'magazi satsukidwa ndi za m'botolo

Anzanga a kunyanja, tamverani. Ife timakwera ndi usipa ku Mponela, ku Madisi mpaka pa boma pa Ntchisi, ndiye za m'misika timaziona. Wina wagwira megafoni, akugulitsa botolo la madzi ofiirira, eti amatsuka mafuta m'magazi, n'kumauza madala kuti ataye mapilisi a kuchipatala. Ine ndikuti kumeneko n'kupha anthu basi.

Kolesterolo sapweteka ayi. Munthu amalima fodya wake bwinobwino, kwinaku mafuta akuunjikana m'mitsempha, mpaka tsiku lina magazi alephera kufika ku ubongo. Sitiroko! Mkono ndi mwendo zafa, ndiye pamudzi ayamba kuloza agogo kuti ndi mfiti.

Ma statin, monga atorvastatin ndi simvastatin, amachepetsa kolesterolo amene chiwindi chimapanga. Mankhwala a mtundu umenewu madokotala akhala akupereka kuyambira 1987. Zoona, ena amamva kuphwanya m'minofu, ndipo mayi woyembekezera sayenera kumwa. Zikavuta mumabwerera kwa dokotala, amasintha mlingo kapena mtundu. Nanga wa megafoni uja, mawa ali ku Salima, mukamupeza kuti?

Sikuti aliyense akufunika mapilisi. Ena kungochepetsa kanyenya wonona ndi chipisi, kusiya kusuta, n'kumadya usipa, nyemba ndi masamba, zimakwana. Koma amene ali ndi shuga kapena anagwapo sitiroko, dokotala akati imwani, imwani tsiku lililonse.

Perekezani makolo kuchipatala akayezetse magazi. Uthengawu muuponyenso pa gulupu ya kwanu.