Juzi ya mkono umodzi

M'nyumba zambiri muli jumbo imene mwini wake safuna kuti mlendo aisuzumire. Imakhala kunsi kwa bedi kapena pansi penipeni pa sutikesi. M'kati mwake muli juzi ya mwana. Kutsogolo kudatha, kumbuyo kudatha, mkono umodzi udafika pachigongono, ndipo singano zili chibayire pomwe zidalekezera. Mwana amene ankamulukirayo lero ali Sitandade 4, moti ngakhale mutu wake sungalowemo.

Abambo musaseke. Kuseri kwa nyumba kuli matabwa a kabati amene mudapala chaka chija n'kunena kuti mumaliza mukalandira. Vanishi adaumira m'chitini, matabwa adapindika ndi mvula, ndipo chiswe chayamba kale kulawa.

Sindikhulupirira kuti vuto ndi ulesi. Waulesi sayamba n'komwe. Chimachitika n'chakuti mphepo ya June ikaomba, mtima woluka umabwera. Munthu aluka sabata ziwiri, kenaka kugwa maliro, kudwala mwana, kubwera alendo. Pofika October dzuwa lili ng'aa, ndani angafungatire ulusi pamiyendo? Chaka chinacho kukayambanso kuzizira, mayi uja adutsa pakaunjika ku Limbe kapena mumsika wa Tsoka ku Lilongwe, apeza juzi yothaitha, agula, nkhani yathera pomwepo. Masiku ano kwawonjezekera foni. Pa Facebook ndi TikTok tsiku lililonse pamatuluka luso latsopano: zikwama za mikanda, nsapato zokutira ndi chitenje, maluwa a mabotolo. Munthu agulira ichi zipangizo, asanafike pakati waona china. Paja ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada.

Ndinene mosapsatira: zambiri mwa ntchitozi simudzazimaliza, ndipo pamenepo palibe mlandu. Chondipweteka ine n'chakuti zipangizo zake mwazitsekera m'ndende. Mu May 2022 kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti. Ulusi wolukira, mikanda, mazipi ndi zitenje zambiri zimachokera kunja, ndiye mukudziwa nokha zimene zidachitikira mitengo yake. Jumbo ya kunsi kwa bedi ija muli ndalama, koma ndalama zimene sizikugwirira ntchito aliyense.

Oumba mbiya nkhaniyi adaimvetsa kalekale. Kaya ndi agogo akumudzi, kaya ndi akatswiri a ku Dedza Pottery omwe akhala akuumba kuyambira mu 1987, onse amadziwa kuti mtsuko ukapotoka kapena kuchita mng'alu usanaotchedwe sauikira padera kuti adzaukonza tsiku lina. Amauphwanya n'kuviika zidutswazo m'madzi, dongo lija n'kufewanso, mawa n'kuumbira mphika wina. Palibe amalira maliro a mtsuko wosaotcha. Chapita ndi thukuta la tsikulo basi, dongo lilipo.

Ulusi nawo ndi chimodzimodzi, kungoti oluka mtima umawawa akaganiza zomasula ntchito ya mausiku ambiri. Koma ntchito yake ndi ya madzulo amodzi. Solole singano, kokani ulusi kuyambira pomwe mudalekezera, muziukulunga kumsana kwa mpando kapena m'mikono ya mwana amene wakhala phee. Ulusi womasula umakhala wopotanapotana. Umangeni malo angapo kuti usakolane, uviikeni m'madzi ofunda pang'ono, n'kuuyanika pamthunzi. Ukauma umakhala utawongoka ndithu, mwaupinda mpira. Juzi ya mkono umodzi ija mungatulutsemo tizipewa ndi timasokosi ta makanda tingapo. Ana obadwa masiku asanakwane, aja amawasunga pachifuwa cha amayi awo m'njira ya kangaroo, amazizidwa msanga ndipo chipewa kwa iwo n'chofunika kwambiri. Ngati inu mulibe khanda loti muliveke, kafunseni anamwino pachipatala chakwanuko ngati angalandire. Kachipewa kakhanda ndi ntchito imene munthu amaimaliza mtima usanathawe.

Pansalu pafunika kusiyanitsa, chifukwa ndikudziwa kuti amayi ena andikwiyira kale. Chitenje chathunthu chopindidwa bwino m'sutikesi si ntchito yosatha ayi. Chimenecho ndi chuma. Chidzavalidwa paukwati, chidzaberekera mdzukulu, chidzaperekedwa kwa apongozi, chidzathandiza pamaliro. Chisiyeni chigone. Ine ndikunena chitenje chimene lumo lidapitapo kale: mikono payokha, kolala payokha, siketi yolumikiza ndi mapini amene achita dzimbiri n'kudetsa nsalu. Sitayilo yake idatha, ndipo tinene zoona, thupi limene adayezalo lidasinthanso. Amene adakhalapo pogawa katundu wa malemu adzandivomereza. Zitenje zathunthu abale amachita kukanganirana, koma jumbo ya zidutswa palibe amaiyang'ana, mapeto ake imakapsa kudzala pamodzi ndi zinyalala. Chikhalirecho zidutswa zili ndi eni ake. Mu 2020, Covid-19 itafika, matelala a m'makonde adasokera anthu timasiki ndi tizidutswa ta zitenje timene kale tinkangosesedwa. Mpaka lero alipo amene amasoka zikwama ndi zovala za zigamba, ena amaluka zopondera pakhomo. Mwana wophunzira kusoka, amene mphunzitsi wake sangamupatse nsalu ya kasitomala kuti aphunzirirepo, jumbo yanuyo angailandire ndi manja awiri.

Wina anena kuti kodi si paja kuona maso a nkhono n'kudekha? Zoona, ndipo ntchito zina zimadikira nyengo. Woluka mphasa bango likamuthera sataya mphasayo, amadikira chilimwe kuti akadule lina. Woluka mkeka amadziwa kuti mlaza ukauma angounyowetsa n'kupitiriza. Ntchito zoterezi zili moyo, chifukwa mwini wake angakuuzeni chimene akudikira ndi mwezi umene chidzapezeke. Dzifunseni chomwecho. Mukudikira chiyani? Ngati yankho ndi ulusi wofiira umene udatha m'sitolo, pitani mukaufune Loweruka lino. Ngati yankho ndi "mpata", ndipo mpatawo mwaudikira zaka zitatu, ndiye kuti mtima udachokapo kale. Funso lina ndi ili: mukadakhala kuti simudaiyambe, lero mukadaiyamba? Ambiri akafika apa amangoseka.

Pali mtundu umodzi wa ntchito yosatha umene sindikuupatsa chikhululuko. Ndi ija ya eni ake. Telala amene adalandira nsalu ndi ndalama ya chikole, kalipentala amene adadya za mipando ya wina, mayi amene adalonjeza mnzake madoilo n'kulandiriratu ulusi. Apa palibe zoti mtima wachokapo. Malizani, apo ayi bwezani nsaluyo ndi ndalama yake, mupepese pamaso. Maubale ambiri adasokonekera chifukwa cha diresi la ukwati limene lidasokedwa ukwati utadutsa, ndipo mwini nsalu amakhululuka msanga mukamuuza zoona kusiyana n'kumamuzemba pamsika.

Palinso ina imene sindingauze munthu kuti amasule. Ngati shawelo yosathayo adasiya ndi mayi anu amene adatisiya, ndipo mukaigwira mumaona zala zawo, isungeni mmene ilili. Siikudikira kumalizidwa. Koma muichotse m'jumbo, muichape, muiike poyera.

Zotsala ndi zija simudaziyambe n'komwe, zimene zili m'mutu ndi m'foni. Zithunzi za masitayilo, mavidiyo a kalukidwe, zonse zosungidwa kuti "ndidzayesa". Izi sizidya malo m'nyumba, koma zimadya mtendere, chifukwa nthawi iliyonse mukaziona mumamva ngati muli ndi ngongole. Sankhani chimodzi chimene zipangizo zake muli nazo kale m'nyumba, zinazo fufutani. Chimene chidakugwirani mtima zenizeni mudzachikumbukira popanda chithunzi. Ndipo foni ija idzaleka kukuvutitsani ndi uthenga woti yadzaza nthawi imene mukufuna kujambula mwana pa tsiku lotsekera sukulu.