Chikuta si tchuthi cha abambo

Kuno ku Entre Lagos kuli khalidwe limene lazika mizu pakati pa amuna, ndipo nyuzipepala ino yatopa kuliyang'ana ili duu. Mkazi akangochira, mwamuna amafunsa funso limodzi lokha: "Ndi mwana wanji?" Akayankhidwa amagula chitenje ndi sopo, kupatsira mlamu wake kuti akapereke, iye n'kulunjika pa bawo kukadzitama kwa anzake. Kukacha wanyamula ukonde wapita ku Chilwa, kapena wawolokera ku Nayuchi ndi katundu wa geni, ndipo adzaoneka mwana atayamba kale kumwetulira. Mukamufunsa, yankho lili pamlomo: "Za m'chikuta n'za amayi. Apongozi alipo."

Ife tikukana yankho limeneli. Makolo anaika mwambo wa chikuta kuti mayi apume ndiponso kuti khanda lisagwidwegwidwe mpaka mchombo utagwa, ndipo nzeru imeneyi anamwino a lero sangaitsutse, pakuti mwana wa masiku atatu safunika manja a mudzi wonse. Koma mwambowo unatseka chitseko cha nyumba imodzi basi. Kunja kwa chitsekocho nkhuni zikufunikabe, mtsuko ukuphwabe, ndiwo zikusowabe, ana ena aja akulirabe njala. Mwamuna amene akugwira mwambo pamene ukumupatsa mpumulo, n'kuuiwala pamene ukumupatsa ntchito, asanamizire makolo. Ndi ulesi wake.

Masiku amene abambo amasowa pakhomowa ndi amene imfa imayandikira kwambiri. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2022 ana pafupifupi 2.3 miliyoni anamwalira asanakwanitse masiku 28, ndipo mwa ana otere pafupifupi atatu mwa anayi alionse amatisiya m'sabata yoyamba. Mayi nayenso sakhala atapulumuka chifukwa choti mwana watuluka. Kutaya magazi ambiri atachira ndi chimodzi mwa zimene zimapha amayi ochuluka kuposa zina, ndipo sikudikira kuti kuche. N'chifukwa chake bungwe lomweli limati mayi ndi khanda aonedwe ndi azaumoyo mkati mwa maola 24 oyamba, kenaka pa tsiku lachitatu, kenaka pakati pa tsiku la 7 ndi la 14, ndiponso pakatha masabata 6. Maulendo anayi amenewa mayi wa mabala osapola sangawayende wapansi mwana ali kumbuyo, mwamuna wake njinga ali nayo kudoko.

Tiyeni tikumbukire kumene tikukhala. Vuto likaposa chipatala chaching'ono, wodwala amatumizidwa kutali, ndipo ku Cuamba kumene kuli chipatala chachikulu ndi makilomita 77 potsata njanji. Sitima za malasha a ku Moatize zimadutsa pano popita ku Nacala, koma palibe ndi imodzi yomwe imene idzaimire mayi amene akukha magazi pakati pa usiku. Dzinja likafika, madambo a pakati pa Chilwa ndi Chiuta amadzaza, njira zimasanduka matope, wanjinga yamoto amakweza mtengo. Pa ola loterolo pamafunika zinthu zochepa koma zokhala kale m'manja: ndalama ya mafuta, foni ya moto, nambala ya wanjinga wodalirika, ndi munthu woti anene kuti "tiyeni tizipita" popanda kuyembekeza wina. M'makomo ambiri ndalama amasunga bambo, mawu omaliza amanenanso bambo. Ngati bamboyo ali pa chimbowera pakati pa nyanja, amayi atatu akhoza kukhala mozungulira khanda lodwala usiku wonse akufunsana kuti atani. Amene anasunga ndalama ndi mawu n'kuchoka nazo ndiye wachedwetsa mwanayo, ngakhale adzalire kwambiri pa maliro.

Ndipo musanene kuti simudziwa za ana. Munthu amene amadziwa poyang'ana mtambo kuti mwera ukubwera angalephere bwanji kuphunzira zizindikiro zochepa izi? Khanda likakana bere, likamapuma mothamanga kapena chifuwa chikamalowa mkati, likatentha thupi kapena kuzizira, likakomoka, likafooka osagwedezeka, likachita chikasu m'maso ndi m'manja, mchombo ukafiira kapena kutuluka mafinya, limenelo ndi la kuchipatala nthawi yomweyo. Mayi akamataya magazi ambiri, akatentha thupi, mutu ukamamupweteka kwambiri maso n'kumachita chidima, akakomoka, nayenso chimodzimodzi. Palibe chodikira m'mawa, palibe choyamba mwakaombeza.

Pali ntchito ina imene bambo yekha ndiye angaithe bwino, ndipo ndi yovuta kuposa kutema nkhuni. Ndi kuima pakati pa khanda ndi malangizo oipa a anthu okondedwa. Azaumoyo amati mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi 6, popanda madzi, popanda phala, popanda madzi a zitsamba. Amati pa mchombo pasapakidwe phulusa, dothi kapena mafuta, koma chokhacho chimene apereka anamwino. Mtsikana amene wachira koyamba sangatsutse mayi ake kapena agogo ake atabwera ndi kambiya ka mankhwala a liwombo. Mwamuna wake angathe, mwaulemu, atagwada ngati n'kofunika: "Amayi, pepani, kuchipatala anatiletsa." Mwana wobadwa masiku asanakwane kapena wochepa sikelo amafunika kufunditsidwa pachifuwa, khungu kukhudza khungu, njira imene amaitcha kangaroo. Chifuwa cha bambo chimatenthanso. Mayi akafuna kusamba kapena kugona pang'ono, palibe lamulo la mudzi uliwonse limene limaletsa bambo kumangirira mwana wake pachifuwa.

Za neti sitinena zambiri chifukwa manyazi ake aliyense akuwadziwa. Neti imene mayi analandira ku sikelo ndi ya mayi ndi mwana. Mwamuna amene waimasula kuti akakokere matemba, m'dera la udzudzu ngati lino, wagulitsa mwana wake ndi ndiwo za tsiku limodzi.

Tsopano nkhani imene ambiri safuna kuimva. Akuluakulu ankachenjeza kuti bambo akayenda ndi mkazi wina mwana ali wakhanda, mwanayo adulidwa, atupa, afooka. Achinyamata a lero amaseka za mdulo ndi tsempho, amati n'zachikale. Asekedi, koma amve izi. Mayi akatenga kachilombo ka HIV pa nthawi imene akuyamwitsa, kachilomboko kamachuluka kwambiri m'thupi mwake m'masabata oyamba, ndipo mpata woti kapite kwa mwana kudzera mu mkaka umakula. Mayi amene anayezetsa ali woyembekezera n'kupezeka alibe, akhoza kupatsira mwana wake chifukwa cha zimene mwamuna anakachita kudoko kapena pa siteshoni mkazi ali m'chikuta. Pamenepa makolo ndi madokotala akunena chinthu chimodzi. Dzigwireni. Ngati munalephera, kayezetseni musanabwerere kumphasa, ndipo musakakamize mkazi amene thupi lake silinapole.

Boma nalo lavomereza kuti bambo ayenera kukhala pakhomo. Lamulo la ntchito la Mozambique, nambala 13/2023, limene linayamba kugwira ntchito mu Febuluwale 2024, limapatsa mayi masiku 90 ndipo bambo masiku 7. Lamulo lakale la 2007 linkapatsa bambo tsiku limodzi lokha. Tsidya la Malawi, kuyambira 2021, bambo wa pa ntchito ali ndi masabata awiri kamodzi pa zaka zitatu. Masiku 7 ndi ochepa, koma akugwa ndendende pa sabata yoopsa ija. Wogwira ntchito ya njanji kapena wantchito wina aliyense amene watenga masiku amenewa n'kukawathera pa mowa kapena kukayendetsa geni, wabera bwana wake ndi mkazi wake nthawi imodzi. Tikudziwa kuti amuna ambiri kuno alibe bwana wowapatsa tchuthi: ndi asodzi, alimi a mpunga ndi chimanga, a geni ya pamalire. Tsiku limene sagwira ntchito, poto sakhala pamoto. Umphawi umenewu ndi weniweni ndipo sitikuupeputsa. Koma mimba imatenga miyezi 9. Amene anakwanitsa kusungira ndalama foni yatsopano akanakwanitsanso kusunga thumba la chimanga ndi kandalama ka ulendo wa kuchipatala, kuti sabata imodzi akhale pakhomo.

Sitikusiya enanso amene ali ndi mbali pa mlanduwu. Kuno mabanja ambiri ndi a chikamwini, ndipo pali apongozi ndi eni mbumba amene amathamangitsa mkamwini akafuna kuthandiza, amvekere, "Mwamuna afunanji pa za amayi?" Mawa omwewo ndi amene amadandaula kuti mkamwini sasamala ana. Inu apongozi, mkamwini akanyamula ndowa musamuseke, akachapa matewera musakamunene kuchitsime kuti anadyetsedwa. Inu anamwino, bambo akabwera ndi mkazi wake ku sikelo musamusiye panja pa mtengo, muuzeni zizindikiro zija ndi pakamwa panu. Mafumu, abusa ndi mashehe, nkhaniyi ndi ya pabwalo, pa guwa ndi mu mzikiti, osati ya kumsonkhano wa amayi okha.

Inu amene mkazi wanu ali pafupi kuchira, konzani ulendo wa kuchipatala lero. Mwana akabadwa onetsetsani kuti walandira katemera wa BCG ndi wa poliyo, sungani khadi lake pouma, ndipo mupite nokha kukamulembetsa ku Registo Civil kuti dzina lanu lilembedwe pa chikalata chake. Nyanja muisiye sabata imodzi. Mukapitanso, siyani ndalama ndi foni m'manja mwa mkazi wanu, ndipo mumuuze pamaso pa apongozi kuti mwana akadwala athamange naye kuchipatala osadikira inu.