Ka TV ka agogo kaja musakataye

Television Malawi itayamba kuwulutsa mu 1999, ambiri ankaonera pa ka TV ka black and white kolumikiza ku batire ya galimoto. Ena ankamata pulasitiki yamitundu pagalasi, nkhope n'kumaoneka zobiriwira ngati tiyi wa ku Satemwa.

Achinyamata a m'maesiteti a ku Thyolo, ka TV kameneka ndi sukulu yaulere. Galasi lake limangowala moyera, koma kalala itheka. Mumaika kutsogolo kwake gudumu la mitundu itatu, wofiira, wobiriwira ndi wabuluu. Likamazungulira mwaliwiro, TV n'kumaonetsa gawo la mtundu uliwonse motsatizana, diso limaphatikiza lokha. Kampani ya CBS inaulutsapo motere ku America mu 1951.

Wina ati n'kutaya nthawi, foni ili m'manja. Zoona, chithunzicho sichingapose cha foni. Koma foniyo ikafa, akonze ndani? Wophunzira kuwotcherera mawaya lero sadzadikira ganyu yothyola tiyi nyengo yamvula.

Chenjezo: TV yotereyi imasunga magetsi oopsa ngakhale mutaizimitsa. Musaitsegule nokha, pitani nayo kwa wokonza mawailesi pa Bvumbwe kapena pa Luchenza.