Kuchira sikuyezedwa ndi masiku ogona m'chipatala

Anthu ambiri akamva kuti mayi wachitidwa opaleshoni ya chiberekero m'mawa n'kutulutsidwa madzulo, amati achipatala amutaya kapena mabedi asowa. Kuganiza chonchi n'kosadabwitsa, chifukwa tinazolowera kuti opaleshoni ndi kulowa kuthiyeta, kugonetsedwa ndi mankhwala, gadiyani n'kumaphika phala kuseri kwa wodi sabata yathunthu. Koma pa mavuto angapo a amayi, chithandizo chothera tsiku lomwelo ndicho chili ndi chiopsezo chochepa, chimafikira ambiri ndiponso chimadya ndalama zochepa. Unduna wa Zaumoyo uyenera kuchifalitsa mwadala, osati kuchiona ngati chopangira kusowa.

Umboni woyamba uli pa khansa ya khomo la chiberekero. Malawi ali m'gulu la maiko amene matendawa akupha amayi kwambiri padziko lonse: ziwerengero za 2020 zinasonyeza amayi oposa 4,000 opezeka nawo pachaka, ndipo omwalira anali pafupifupi 3,000. Komatu khansayi imatenga zaka isanakhwime. Namwino akapaka viniga pakhomo la chiberekero, malo amene ayamba kusintha amayera, ndipo amawawotcha ndi kachitsulo kotentha madigiri 100 kwa nthawi yosakwana mphindi imodzi. Mayiyo sagonetsedwa, amadzuka yekha, n'kumanga chitenje, ulendo wa kunyumba. Chipatala cha Nkhoma chinayamba njirayi mu 2013, ndipo bungwe la WHO linaivomereza mu 2019. Mphamvu yake yagona pa kuyeza ndi kuchiza nthawi imodzi. Mayi wouzidwa kuti abwerenso mwezi wamawa kawirikawiri sabwera, chifukwa ndalama ya kabaza yatha kapena ntchito ya kumunda yathina, ndipo amadzaonekera khansa itafalikira. Akale ankati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

N'chimodzimodzi ndi mayi amene wapita padera koma zina zatsalira. Njira yakale yopala ndi chitsulo nthawi zambiri imafuna thiyeta ndi mankhwala ogonetsa, ndipo mayi amadikira pamzere, akutaya magazi, kuti aja obereka kudzera pa opaleshoni athandizidwe kaye. Njira ya MVA, yopopa zotsalirazo ndi kachipangizo kogwira pamanja, sifuna magetsi, azamba ophunzitsidwa amaitha, ndipo WHO imalangiza kuti ilowe m'malo mwa kupala chifukwa imapweteka pang'ono ndiponso sivulaza chiberekero kwambiri. Kutseka kubereka nako, monga amachitira a Banja La Mtsogolo, kumatheka ndi kacheko kakang'ono ndi mankhwala a dzanzi basi. Phindu lake silili ku boma kokha, kumene bedi limatsala kuti pagone wodwala kayakaya. Pakhomo, mayi akagonekedwa amachoka awiri, iye ndi womudikirira. Geni imaima, ana amatsala ndi aneba, ndalama imathera pa makala ndi ndiwo za kuchipatala.

Otsutsa amafunsa funso lolemera: nanga mayi akayamba kutaya magazi usiku ali kumudzi, mtsinje utadzaza, ambulansi ilibe mafuta? Nkhawa imeneyi ndi yoona, ndipo ndiyo ikutiuza malire. Ku Britain ndi ku America amayi ena amachotsedwa chiberekero kudzera pa timabowo ta pamimba n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo, koma kumeneko galimoto, foni ndi chipatala zili pafupi. Kuno, mayi amene wang'ambidwa pamimba kuti achotsedwe zotupa, wosokedwa fistula, amene mimba inakhala panjira n'kuphulika, wochepa magazi kapena wotentha thupi, ayenera kugonekedwa popanda kukambirana. Yankho la nkhawayo ndi kusankha bwino woyenera kutuluka, osati kugoneka aliyense.

Ndipo wotulukayo asamapite chimanjamanja. Asanachoke ayezedwe kuthamanga kwa magazi, ayende yekha, akodze. Auzidwe momveka, pamaso pa womuperekeza, kuti magazi ochuluka, kutentha thupi, chikazi chonunkha kapena ululu wokulirakulira ndi zizindikiro zobwerera msanga. Adziwe za Chipatala Cha Pa Foni, njira yofunsira malangizo a zaumoyo pafoni, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake adziwitsidwe. Bambo nayenso amve yekha kuchokera kwa namwino kuti mkazi amene wawotchedwa pakhomo la chiberekero amafunika kudikiriridwa pafupifupi masabata anayi, pakuti mawu amenewa akawanena mkazi yekha amabala mkangano. Zimenezi zikasowa, kutulutsa msanga kumasanduka kukankhira chiopsezo kwa banja losauka.

Choncho ndalama zopulumutsidwa pa mabedi zibwerere komweko: kugula zipangizo zowotchera ndi zopopera, kuziphika bwino, ndi kuphunzitsa anamwino ndi azamba m'zipatala zazing'ono. Ndipo inu amayi, musaope chithandizo chifukwa chatha msanga. Pitani mukayezetse, ndipo musatuluke pakhomo la chipatala musanafunse chochita zikavuta usiku.