Mabakiteriya a m'matumbo amatengera chakudya cha mwini thupi

Pomwe dziko lino likulimbana ndi vuto la kunyentchera kwa ana, akatswiri a sayansi akuunika mabakiteriya okhala m'matumbo, omwe majini awo amasintha molingana ndi munthu kapena nyama imene akukhalamo.

Mu 2010, magazini ya Nature idafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti bakiteriya wotchedwa Bacteroides plebeius, wopezeka mwa anthu a ku Japan, adatenga jini kuchokera ku mabakiteriya a m'nyanja, ndipo amatha kugaya ndere zimene anthuwo amadya. Naye Lactobacillus reuteri wochokera mwa mbewa amakhazikika bwino m'mimba mwa mbewa, koma wochokera mwa munthu amalephera.

Kuno ku Malawi, kafukufuku wa ana amapasa wofalitsidwa m'magazini ya Science mu 2013 adapeza kuti mbewa zopatsidwa mabakiteriya a ana odwala kwashiorkor zidaonda zitadyetsedwa chakudya chonga cha anawo.

Izi zikusonyeza kuti kukhuta kokha sikuchiritsa mwana wonyentchera. Chithandizo chilichonse chokonza mabakiteriyawa chiyenera kuyesedwa pa ana akuno, oleredwa ndi phala ndi nsima, chisanafike m'zipatala.