Kukumba si luso, abale

Pali anthu amene akaona chithunzi cha bonsai amagwira pakamwa, ati nkhanza. Mtengo wathunthu kuupanikiza m'kambale kadothi, kuudulira mizu, kuukulunga waya ngati mbava yogwidwa pamsika? Inetu sindili nawo. Mlimi wothena fodya sitimutcha wankhanza. Ndipo paini amene Masaru Yamaki anapereka ku America mu 1976 wakhala akusamalidwa kuyambira 1625, anapulumuka bomba la ku Hiroshima mu 1945, ndipo akadali wobiriwira ku Washington. Ndi nkhanza yanji imene imasunga chamoyo zaka 400?

Mkangano wanga uli pena. Uli ndi anthu amene akufuna zaka zimenezo koma kudikira sakufuna.

Ajapani, amene anatenga lusoli kwa Atchaina, ali ndi dzina la mtengo wokumbidwa kuthengo: yamadori. Munthu amakwera phiri, napeza mtengo umene mphepo, chisanu ndi njala zaupinda kwa zaka mazana, wakula pamng'alu wa thanthwe osapitirira m'chiuno. Amauzula, nauika m'mbale, naulowetsa pachionetsero, anthu n'kumamuombera m'manja. Kumuombera chifukwa chiyani? Anapinda thunthulo ndi iye? Anasenda khungwa kuti mbali ina iyere ngati fupa ndi iye? Mmisiri wake ndi phiri. Iyeyu anangobwera ndi khasu. Ife olemba ndakatulo tili nalo dzina la munthu wosayina pansi pa ntchito ya mnzake, koma pano sindilitchula.

Wina ati ndikukokomeza. Afunse za shimpaku, mtengo wa mtundu wa juniper umene okonda bonsai amaulemekeza koposa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 anthu anayamba kuukumba paphiri la Ishizuchi, pachilumba cha Shikoku. Utachepa kumeneko, anasamukira kumapiri a Itoigawa, nkumalendewera pazingwe m'maphompho, ena mpaka kutaya moyo. Lero shimpaku wakale wakuthengo ndi wosowa m'mapirimo. Amene alimi ambiri ali naye ndi wobzala kuchokera ku nthambi kapena womezanitsa. Chikondi chinamaliza chimene chinkakonda. Ife a kuno tisaseke: mkungudza wa pa Mulanje tinaulowa ndi macheka momwemo.

Okumba ali ndi yankho lawo lokoma: ati tikuupulumutsa. Nthawi zina n'zoona, monga pamene msewu kapena mgodi ukubwera kudzafafaniza malo. Koma mtengo umene wakhala pathanthwe zaka mazana ukupulumutsidwa kwa yani? Mizu yake inalowa kutali m'ming'alu. Poukumba timizu tomwera madzi timatsala komweko, ndipo mitengo yambiri yotere imauma m'bokosi isanaone n'komwe mbale. Pachionetsero timaona yopulumuka yokha. Yakufa siijambulidwa.

Tsono kodi munthu asakumbe konse? Ayi. Apa ndi pamene mtengo wa elm ukutiphunzitsa manyazi.

Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, matenda a Dutch elm disease anapha mitengo ya elm yoposa 25 miliyoni ku Britain. Matendawa ndi nkhungu yofalitsidwa ndi tizilombo toboola khungwa; ikalowa, njira za madzi zimatsekeka, mtengo n'kufota. Komatu mizu siifa. M'mipanda ya zitsamba ya m'malire a minda, mizu ya elm imatulutsabe mphukira zambirimbiri. Zimakula mpaka khungwa litakhuthala moti tizilombo tingaikiremo mazira, pakatha zaka ngati 15 kapena 20, kenaka matenda n'kuzigwetsanso. Mizu n'kuphukanso.

Munthu amene wakumba mphukira yotere sanalande phiri chilichonse. Muzu waukulu wausiya m'nthaka, ndipo utulutsa ina. Koma ayambe wapempha mwini munda, chifukwa lamulo la ku Britain la 1981 limaletsa kuzula chomera chakuthengo popanda chilolezo chake. Ndiye onani chimene watenga: kamtengo kowongoka ngati mzati, kopanda mbiri, kosagulika. Zonse zotsala ndi ntchito ya manja ake.

Amakakumba chisanu chikamatha, masamba asanaphuke. Amakaika m'bokosi, nakaleka chaka kapena ziwiri kuti kamere timizu tatsopano. Kenaka amadula thunthu, mtima uli m'mwamba, ndipo elm, mwa chikhalidwe chake, amaphukira pakhungwa lakale lomwelo. Amasankha nthambi zitatu kapena zinayi, zina zonse n'kuchotsa. Waya akauiwala miyezi ingapo umadya khungwa, chifukwa elm amanenepa msanga, ndipo chipseracho adzachiona zaka zambiri. Kudulira chaka ndi chaka kumachepetsa masamba mpaka kufanana ndi chikhadabo. Akalakwitsa, palibe mphepo ya m'phiri yoti ailoze chala.

Ameneyu ndiye ndingamutche mmisiri. Koma pitani kumisika ya bonsai mukaone mtengo umene umadula ndalama: si elm wake uja, ndi juniper kapena paini wakale wozulidwa kuphiri. Ndiye vuto silili kwa wokumba yekha. Lilinso kwa wogula, amene amafunsa kuti mtengowu uli ndi zaka zingati, koma safunsa kuti mwa zakazo ndi zingati zimene wakhala m'manja mwa amene akuugulitsa.