Maliro a Laputopu Yomwe Ikupuma

Chiyambire pa 14 Okutobala 2025, tsiku lomwe kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10, m'maofesi ambiri mwagwa zovuta. Malaputopu akuikidwa m'manda akupuma.

Kalowe m'chipinda chosungiramo katundu pa ofesi yaikulu iliyonse. Pangodya, kuseri kwa mipando yothyoka miyendo, ukapeza mulu wa malaputopu atasanjikizana ngati mbale zosatsuka. Ukafunsa chomwe analakwa, yankho ndi limodzi: bwana akuti yakalamba, ikumachedwa. Ndiye kalata yalembedwa, makotesheni atatu abwera, ndalama za msonkho wanu ndi wanga zalowera kogula zatsopano. Zonsezi m'dziko lomwe ndalama zakunja tikuchita kuzisaka ndi nyali, ndipo kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Laputopu sitilima ku Dedza, abale. Iliyonse imabwera ndi madola.

Inenso ndinatsala pang'ono kulira maliro otere. Yanga ndakhala nayo zaka zambiri, ndipo inafika poti ndikaiyatsa m'mawa ndinkapita kukatereka tiyi, kumwa, kutsuka kapu, pobwera n'kupeza ikadaganizabe. Ikatentha inkalira ngati chigayo. Ndinapita nayo kwa mnyamata wina wokonza makompyuta, kakhumbi kake kongokwana anthu awiri. Sanandifunse zambiri. Anaigadamitsa, anamasula tizitsulo n'kutiika m'chivindikiro cha botolo kuti tisasowe, ndipo atatsegula anasolola fumbi lomwe linali litaundana pa fani ngati thonje. Anandionetsa osalankhula kanthu. Ndinachita manyazi ngati mlendo wapeza m'nyumba mosasesa.

Kenako anachotsa kabokosi kena n'kundipatsa m'manja. Ichi ndiye chikukuzunzani, madala, anatero. Inali hadi disiki. M'kati mwake muli kambale komwe kamazungulira, nthawi zambiri maulendo 5,400 pa mphindi, ndi kadzanja komwe kamayendayenda kufunafuna pomwe panalembedwa zomwe mukufuna. Kuchedwa konse kuja n'kumeneko. M'malo mwake anaikamo SSD, yomwe mulibe chozungulira chilichonse, ndipo RAM anaiwonjezera kuchoka pa 4 GB kufika pa 8. Lero ndikaiyatsa imandidikira ine, ndisanakhazikike n'komwe pampando. Ndalama zomwe ndinalipira sizinayandikire ngakhale pang'ono mtengo wa yatsopano.

Tsono inu akuluakulu oona zogula katundu, ndi inu oyang'anira makompyuta m'maunduna ndi m'makhonsolo, kodi zimenezi simuzidziwa? Mukuzidziwa kuposa ine, sukulu yake munapita. Nanga bwanji papepala lanu timangoona "kugula", osaona "kukonza"? Ena amanong'ona kuti pa SSD imodzi palibe kangachepe, pomwe pa malaputopu makumi asanu pali ponyambita. Ine sindinanene zimenezo, ndangomva m'minibasi. Koma tandiuzeni: bwana amene ntchito yake ndi kuwerenga makalata, kusayina, ndi kusuzumira pa Facebook nthawi ya nkhomaliro, akufuniranji makina amphamvu ngati oti aulutsire ndege? Mlembi wake, yemwe amataipa tsiku lonse, ndiye amasiyiridwa ya mabatani atatu ogweramo.

Mundiuza za Windows. Chabwino, tiyeni tikambe. N'zoona kuti Windows 11 ndi yosankha: imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndipo mapurosesa ambiri a Intel akale kuposa m'badwo wachisanu ndi chitatu, womwe unatuluka cha m'ma 2017 ndi 2018, imawakana. N'zoonanso kuti kompyuta yomwe sikulandiranso zotseka mipata ya akuba siyenera kusunga malipiro a anthu kapena mbiri ya odwala. Pamenepo sinditsutsa, gulani. Koma choyamba yang'anani, chifukwa ena mwa malaputopu ali pamulu paja Windows 11 angathe kuilandira, kungoti palibe anayesa. Ndipo omwe yawakanawo sanafe. Kuli Linux, yaulere. Mtundu wina wa Linux, womwe unayambitsidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, dzina lake ndi Ubuntu, mawu omwe kwathu kuno timati umunthu. Muikemo imeneyo pamodzi ndi LibreOffice, ndipo mwana wa Fomu 3 alembapo, awerengetsapo masamu, aphunzirapo kutaipa. Tili ndi masekondale oyendera omwe ana amaphunzira za kompyuta pojambula kiyibodi pabolodi, pomwe makina enieni akudyedwa ndi fumbi m'chipinda chokiya.

Ndisakhale ngati wokakamira chikwanje chopanda mpini. Ilipo laputopu yomwe yathadi. Bolodi lalikulu la m'kati likapsa, kapena ikamwa tiyi n'kuyamba dzimbiri, musataye ndalama. Zina zopyapyala zamakonozi RAM yake anaiwotcherera, simungawonjezere ngakhale mutafuna. Ndipo wophunzira za uinjiniya ku MUBAS amene akujambula mapulani a nyumba, kapena wokonza makanema aukwati, ameneyo akufunikadi yamphamvu.

Inu makolo, ndikupempheni. Mwana akaimba foni kuchokera ku Zomba kapena ku Bunda kuti laputopu yafa, musathamangire kugulitsa mbuzi. Mufunseni kuti yafa motani. Ngati ikungozima magetsi akathima, ndi batire, ndipo batire amasintha. Ngati ikutentha, ndi fumbi, makamaka mwanayo akamaigoneka pabulangete n'kutseka mopumira. Ngati ikuchedwa, mwamva kale mankhwala ake. Ndipo mukati mugule ina, chenjerani ndi zija za kaunjika zomwe amazipukuta bwino n'kuzitcha za ku UK. Chikomekome cha mkuyu. Ina mwa izo ndi yamsinkhu umodzi ndi yomwe mukutayayo, mwina n'kukulirapo. Muuzeni wogulitsa aiyatse pamaso panu, aizule kumagetsi, muone ngati batire ikhala, ndipo akuonetseni m'badwo wa purosesa yake. Akayamba kukanda m'mutu, nyamukani.

Kwa inu mabwana ndagwada. Musanasayine kalata ina yogulira zatsopano, tumani mnyamata wanu wa makompyuta akhale masiku awiri m'chipinda chija ndi sikuludiraiva. Asiyanitse zakufa ndi zokomoka. Zokomokazo azitsitsimutse, afufute zinsinsi zonse za ofesi, zibwerere pa madesiki kapena zipite ku sukulu. Zakufazo musazitaye kudzala kuti ana azikaziphwanya ndi miyala kapena kuziotcha pofuna waya, poti utsi wake ndi poizoni ndipo batire yake ikabooledwa imatha kuyaka moto.

Mwina mundiuza kuti malamulo otayira katundu wa boma ndi aatali, pamafunika komiti. Komiti ikhale, tiyi tigula ife. Koma tiyambe ndi funso laling'ono lomwe ndafunsapo m'maofesi angapo ndipo aliyense amaloza mnzake: kodi kiyi wa chipinda chija ali ndi ndani?